Mpunga Wodikira Khrisimasi

Nyumba ya boma ya ku Hara, ku Karonga, inali ndi zinthu zimene Prisca anali asanakhalepo nazo chibadwire: mpopi pakhomo, zenera lagalasi ndi chitseko cha kiyi. Akanakhala mkazi wina akanaimba nthungululu. Prisca anangolowa, n'kuika sutikesi yake pakona ya chipinda, n'kukhala pansi.

Mwamuna wake, Morton, anali mlangizi wa zaulimi. Boma linamuchotsa ku Dedza n'kumutumiza ku sikimu ya mpunga imeneyi, ndipo masiku amenewo boma likati pita, munthu sankafunsa kuti bwanji, ankangofunsa kuti lole ibwera liti. Loleyo inabwera udzu usanamere pa mtumbira wa mwana wawo. Mwanayo anali Lois, mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu. Chikuku chinamutenga Khrisimasi ili pafupi.

Usiku woti anyamuka mawa lake, Prisca ananena mawu ake mosakweza. "Ndikuperekezani, bambo. Koma anthu anuwo akakolola, ine ndibwerera kwathu."

Morton anavomera, poti akanatani. Koma onse awiri ankadziwa kuti mkazi akabwerera kwa amayi ake, manda a mwana ali kuseri kwa mudzi, sadzakweranso lole ya munthu. Ukwati wawo unatsala ndi nyengo imodzi ya mpunga. N'chifukwa chake sutikesi ija sinatsekulidwe. Prisca ankangosinthanitsa madiresi awiri, ina pathupi, ina pachingwe.

Sikuti ankagona tsiku lonse, ayi. Ankasesa, ankakolopa, ankapukuta galasi lija mpaka ntchentche kumadziwombapo. Dzuwa la ku Karonga likafika pamutu, lija loti ngakhale galu amasiya kuuwa, iye ankagona pa simenti n'kugunditsa tsaya pansi pozizira. Nthawi zina ankatsekula mpopi n'kuika mapazi, madzi n'kumayenda okha popanda wowasenza pamutu. Kiyi anammanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi kadi ya chipani, ndipo popita kumsika ankamva zikumugunda pantchafu. Ankadziwa kuti zonsezi ndi zabwino, monga munthu wa chimfine amadziwira kuti ndiwo zili ndi mchere chifukwa wathira yekha. Koma mumtima munalibe kanthu, ngakhale chisoni chenicheni.

Kutsidya kwa ngalande kunkakhala mayi Yunike, mlimi wa mpunga, mkazi woti akamanong'ona anthu a ku Chilumba amamva. Tsiku loyamba lomwelo anatulukira ndi mbale yamaluwa yodzaza mpunga wopuntha kale.

"Monire, amama! Mwafika kwithu kuno. Nanga tizikuitanani kuti amake ndani?"

"Prisca basi," anayankha motero.

Mayi Yunike anamuyang'ana, n'kuganiza kuti mnzawoyu Mulungu sanamupatse mwana, ndipo kamwa lawo lija linatsekeka kanthawi, chinthu chimene amuna awo akanalipira ng'ombe kuti achione.

Kuyambira pamenepo mbale yamaluwa inkaoloka ngalande kawirikawiri. Prisca ankailandira ndi manja awiri, n'kukhuthulira mpungawo m'debe la kukhitchini, n'kutsuka mbaleyo, n'kuibweza ili mbee. Mwambo ankaudziwa, si wa ku Karonga kokha: mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, olo kamchere umaikamo. Kungoti mutu wake sunkafika kumeneko. Ndipo mpungawo sankauphika. Kwawo ku Dedza mpunga unkaoneka kamodzi pachaka, tsiku la Khrisimasi, ndipo ana ankauyembekezera kuposa malaya atsopano. Kuuphika tsiku wamba kunali ngati kupita kudimba utavala zakutchalitchi. Morton ankadya chimene wapatsidwa osafunsa, ngakhale tsiku lonse ankakhala akulangiza anthu za mpunga womwewo.

Mbalame zinabwera, anthu anazipirikitsa mpaka mawu kusasa. Minda inachita chikasu. Zikwakwa zinalowa, ndipo pakhomo lililonse panamveka kupuntha. Prisca ankaonera zonsezi pagalasi lake loyera lija. Kenako anauza mwamuna wake kuti akwera basi ya Loweruka.

Lachiwiri la sabata imeneyo, Morton atapita kuntchito, mayi Yunike anabwera kudzabwereka lichero. Iwo zoima pakhomo n'kumaodira sankazidziwa. Analowa kukhitchini, ndipo pofufuza licherolo anavundukula debe. Mpunga wapamwamba unkayenda wokha.

"Ama ine! Ichi n'chivichi?" anakuwa. "Mpunga wanga uwu! Ine kupinda msana m'matope, misundu kundiyamwa miyendo, kukangana ndi mbalame, kuti ndinenepetse anankafumbwe a m'nyumba ya boma? Yowoyani, amama, nenani. Mukuganiza kuti tinathiramo mankhwala? Ndiye chifukwa chake mbale yanga imabwera ili ndi njala?"

"Ayi, amayi," anatero Prisca. "Ndikusungira Khrisimasi."

Mayi Yunike anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana debe, n'kuyang'ana Prisca. Kenako kuseka kunawagwetsa, anachita kukhala pa sitepe atagwira nthiti.

"Khrisimasi! Mu Juni muno? Inu anthu a ku Dedza mudzatipha! Kuno mpunga ndi wa Lolemba, wa Lachiwiri, ngakhale nkhuku zatopa nawo. Khrisimasi ya chiyani?"

Prisca anaima chilili, manja ali lende. Mawu anatuluka osalala, ngati akunena mtengo wa sopo.

"Mwana wanga ankaukonda. Ali chigonere ndinamuuza kuti ukachira, Khrisimasi yayandikira, ndidzakuphikira wodzaza mbale yako. Anafunsa kuti wodzaza mpaka pamwamba? Ndinati mpaka pamwamba. Sanafike."

Kuseka kuja kunazima. Mayi Yunike anapukuta misozi ya kuseka ija, imene tsopano inasowa mwini.

"Anga awiri agona kumanda a ku Ngara," anatero. Sanawonjezepo mawu a m'Baibulo, kapena aja oti limbani mtima, amene Prisca anali atamva mpaka makutu kuuma. Anangodzuka n'kutenga lichero.

Anapeta mpungawo panja, anankafumbwe n'kumagwera nkhuku. Anautsuka pa mpopi, akudandaula kuti madzi ofika okha pakhomo amachititsa anthu ulesi. Anasonkha moto, n'kutereka. Prisca anakhala pa sitepe n'kumaonerera ngati zikuchitika kwa eni. Fungo litayamba kutuluka, linalowa m'chipinda chilichonse cha nyumba ija, yomwe chifikireni inkangonunkha sopo ndi laimu.

M'khitchinimo munali mbale ziwiri zokha, ya Morton ndi ya Prisca. Mayi Yunike anapakulira zonse ziwiri, n'kumukankhira imodzi.

"Idyani. Lero Lachiwiri."

Prisca anatapa ndi zala, n'kuika m'kamwa, akuyembekeza kuti umveka ngati zakudya zina zonse za miyezi imeneyi, ngati kutafuna thonje. Koma unali wokoma. Unali wonunkhira, wofewa, wokoma kwambiri, ndipo ichi ndicho chinamupweteka. Anakwiya ndi lilime lake lomwe, kuti likumva kukoma mwana wake atagona m'dothi osaulawa. Anatafuna akulira, osapukuta, n'kutapanso kachiwiri.

Atamaliza, mayi Yunike ananyambita zala n'kuloza mphika. "Wotsalawo ndipakulireniko wina ndikadye madzulo. Mbale yanga sindinabwere nayo, ndipo ziwirizi n'zakuda."

Mpopi unali pomwepo, kutsuka mbale sikukanatenga nthawi. Prisca anayang'ana mbale zakudazo, n'kuyang'ana chitseko cha kuchipinda. Analowa, n'kukokera sutikesi pakama. Loko wake anali atachita dzimbiri ndi chinyezi cha kuno, anachita kumumenya ndi chikhatho. Pansi pa zovala zakutchalitchi panali kambale kachitsulo koyera, ka mkombero wobiriwira, kosupuka mbali imodzi pamene mwini wake ankakagogoda ndi supuni poitanitsa chakudya.

Anakadzaza. Anawonjezera chipande china, n'kusalaza, n'kuwonjezeranso mpaka mpunga unachita phiri.

Mayi Yunike anakalandira ndi manja awiri. "Ka ndani?"

"Ka Lois."

"Yewo, anyina Lois," anatero, akumutcha amake Lois m'chinenero chawo, mawu ali pansi koyamba chibadwire. Atafika pa ngalande anatembenuka, ndipo kukhosi kwawo kunatsekukanso. "Koma mumve! Ine sindine wa ku Dedza, mbale sindibweza ili ndi njala. Ndidzaikamo nthochi za pakhomo panga, ndipo nthochizo zangotulutsa kumene duwa. Muzidikira!"

Prisca anatsegula pakamwa kuti anene za Loweruka, koma mayiwo anali ataoloka kale, kambale kali pamutu.

Morton anafika dzuwa litapendeka, n'kutsamiritsa njinga pakhoma. Prisca anamumva akulowa kuchipinda, kenako phazi linaima. Waona sutikesi yotsekula pakama. Anatuluka pang'onopang'ono, nkhope itagwa, chipewa chili m'manja.

"Ndaona mwayamba kulongedza," anatero. "Loweruka ndidzakunyamulirani pa njinga mpaka kumsewu."

Prisca anali pa mpopi, akutsuka mbale ziwiri zija. Sanatembenuke.

"Mbale ya Lois ili kwa mayi Yunike. Akuti adzabweza nthochi zawo zikakhwima."

Dzina limenelo Morton anali asanalimvepo m'nyumba imeneyi. Morton anakhala pansi pa sitepe pomwepo, nsapato zamatope zili kuphazi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Madzi anapitiriza kuyenda pa mbale zoyera kale.

"Nthochi zimachedwa, amake Lois," anatero ali m'chipewamo.

"Ndikudziwa," anayankha Prisca, n'kutseka mpopi. "Mumphikamo mwatsala mpunga. Wazizira, koma idyani."