Pakati pa Inde ndi Ayi

Antchito a pafakitale ya mawilibala ankatcha abwana awo Bambo Inde, chifukwa mkulu wampingoyo sankalandira yankho lina kupatula inde kapena ayi. Ankati zapakatikati n'zofunda, ndipo zofunda ngakhale Ambuye amalavula.

Koma chaka chimenecho mawilibala ankatuluka mochedwa, ndipo sitolo yaikulu imene inkawagula inachenjeza kuti akachedwanso ikagula kwina. Mwana wamkazi wa Bambo Inde, amene anali atangomaliza maphunziro a uinjiniya, anapempha kuti ayeze pamene nthawi ndi zitsulo zikutayikira. Anati wantchito aliyense aziyankha kuti pang'ono, pakatikati, kapena kwambiri, kenako kompyuta isandutse mawuwo manambala n'kuwaphatikiza. Bambowo anaseka, nati iwo amafunsa m'mawa uliwonse ngati zonse zili bwino, ndipo onse amati inde. Komabe analola, kuopa kumugwetsa mphwayi mwanayo.

Zotsatira zake zinawalasa mtima. Owotcherera ankadikira zitsulo kwambiri. Opaka penti ankatha nthawi akuzungulira phiri la matayala amene bambowo anagula mopitirira muyeso n'kuunjika panjira. Pa kusawononga, fakitale yonse inangofika pa "pang'ono".

Anapita kwa mlamu wawo, wamkulu wa owotcherera, amene anali atakankhira magalasi akuda pamphumi akumwa madzi. Anamufunsa ngati zaka zonsezi antchito ankawanamiza.

"Alamu, kwa inu ayi amamveka ngati nyumba yapsa," anatero mlamuyo. "Nyumba sinapse, ikungodontha. Ndiye tikanayankha chiyani?"

Bambo Inde anakumbukira mmene iwo eni ankagwadira pamaso pa Mulungu ndi chikhulupiriro chosadzaza chikho, koma sanabwezedwepo pakhomo.

Anaitana mwana wawo n'kumufunsa ngati sitolo ija ingapitirize kugula kwa iwo. Iye anayankha kuti sangalonjeze, koma mpata ulipo waukulu, ngati njira itatseguka sabata yomweyo. Ulendo uno bambowo sanaumirire yankho limodzi.

Anavula jekete, naipachika pamsomali, n'kukoka wilibala yosapaka penti. Mlamu uja anauza anzake mokweza kuti abwere adzaone, abwana akuyesa katundu wawo koyamba, ndipo akagwa nayo aliyense aziti sanaone. Onse anaseka, bambowo nawonso. Wopaka penti wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi motsitsa mawu, ena akupolokozana naye, ndipo matayala anayamba kuchoka panjira.