Dothi la Pagolo la Kunjanji

Brisa Olmedo ankatchinga pagolo pomwe panali bambo ake. Sankazinena zimenezi, koma anzake onse a m'timu ya atsikana ankadziwa. A Rufino atamwalira, mtembo wawo unawotchedwa monga ankafunira eni ake, ndipo phulusa linawazidwa pagolo la kunjanji m'bwalo la Ladrilleros, timu ya m'dera lawo kumapeto kwa mzinda wa Rosario. Sanali oyamba. Pagolo limenelo panali kale ophika buledi, oyendetsa mabasi, ndi nkhalamba zowumba njerwa zomwe zinayambitsa timuyo. Wosamalira bwalo ankadandaula chaka ndi chaka kuti phulusa limapsereza kapinga, koma akaona banja likubwera ndi kabokosi, ankavula chipewa n'kutsegula geti.

N'chifukwa chake pamalopo sipankamera kanthu. Kukatentha panali fumbi, mvula ikagwa panali phala lenileni, ndipo Brisa ankadziponyamo Loweruka lililonse. Amayi ake, a Haydée, ankachapa jezi yamatopeyo payokha m'beseni, madzi ake n'kukathirira mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba. Awiriwa sanakambiranepo za zimenezi.

Timuyo inali ya masapota. Munthu wina wamalonda anaiyendetsapo, anagulitsa osewera onse abwino, n'kuchoka atasiya madenga akudontha. Masapota anapanga bungwe lawo n'kuitenga. Kuyambira pamenepo nkhani iliyonse yaikulu inkagamulidwa pa msonkhano wa mamembala, aliyense kukweza khadi lake m'mwamba. Chaka chimenecho Brisa anali atangolandira khadi la akuluakulu, lovotera.

Ndiye panachitika za Ludmila, womwetsa zigoli wa timu ya atsikana. Phazi lake linatitimira m'matope pafupi ndi golo, thupi n'kutembenuka lokha, bondo n'kulira kuti thyo. Akuluakulu a ligi anabwera kudzaona bwalo, ndipo ananena mosapita m'mbali kuti dothi limenelo silingapirire matimu onse, ya amuna, ya anyamata ndi ya atsikana. Bwalo likonzedwe, apo ayi timu imodzi ichotsedwe. Sanatchule kuti iti, koma panalibe wofunsa. Komiti inabweretsa ganizo loti dothi lonse lipalidwe, pansi payalidwe miyala ndi mapaipi, pamwamba kapinga wa pulasitiki.

"Kapeti!" anatero a Evaristo, mkulu wake wa malemu Rufino, Lamlungu lina akutembenuza nyama pamakala kuseri kwa nyumba ya a Haydée. Iwo ndi amene ankaimba ng'oma yaikulu ya masapota, ndipo polankhula ankangokhala ngati akupikisana nayo. "Tizisewera pa kapeti ngati m'nyumba ya bwana! Mawa adzatiuza kuti tizivula nsapato pageti. Ndipo mng'ono wanga amunyamule pa lole akakwirire maenje a mumsewu? Mlamu, mukumva?"

"Ndikumva, alamu. Nyama ikupserera," anayankha a Haydée. Iwo analibe khadi. Ankati mpira unawalanda mwamuna masabata onse a ukwati wawo, sangaulipirenso.

A Evaristo anatembenukira kwa Brisa, mpeni uli m'manja. "Iwe ndiye udzaimirire. Ndikukudziwa, mawu ako amathera m'khosi, ndiye usavutike ndi zambiri. Udzangoti, 'Bambo anga ali pamenepo.' Basi. Tione yemwe adzakweze dzanja pambuyo pake. Sichoncho, mwana wanga?"

Brisa anayang'ana m'mbale. Ankafuna kunena kuti akuopa kuti atsikana achotsedwa, kuti iye alibe kwina komwe amamva kuti ndi munthu kupatula pakati pa mitengo iwiri ya golo. Koma a Evaristo anali atamuikira kale nthiti yabwino kwambiri m'mbalemo, ndipo maso awo anali ofiira, mwina ndi utsi. Brisa anagwedeza mutu movomera.

"Mwaona? Magazi a Rufino awa!"

Tsiku lina Brisa anapita kukaona Ludmila. Anamupeza atagona pa sofa, mwendo uli pamapilo, akudya mabisiketi a mng'ono wake.

"Wabwera, mlonda wa kumanda?" anatero Ludmila. "Ukawapatse moni azigogo ako apagolo, uwauze kuti wina mwa iwo wandigwira mwendo. Ndikuganiza kuti ndi wophika buledi uja, ankandida kuyambira kale."

"Usatero, iwe."

"Ndikucheza, mwali. Bambo ako sangatero, ankandigulira soseji ndikamwetsa." Anasiya kuseka. "Akuti a Evaristo akuuza aliyense kumsika kuti iwe udzalankhula. Zoona?"

Brisa anayamba kusewera ndi chingwe cha pilo, Ludmila n'kupitiriza.

"Sindikukuuza chochita. Ine bondo langa latha kale, kaya ndidzathamanganso kaya. Koma tiana tija timabwera ndi nsapato zobwereka, tidzapita kuti? Kumatimu a m'tauni amafuna ana a eni magalimoto."

Pobwerera Brisa anadzera kubwalo, n'kuima kunja kwa waya. Anayesa kuwafunsa bambo ake mumtima, koma sanamve kanthu. Chomwe anakumbukira ndi manja awo akumumanga zingwe za nsapato tsiku lomwe anayamba kusewera, anthu ena akuseka kuti mwana wamkazi pagolo ndi chigoli chaulere. Kodi akanasankha chiyani, iye kapena malo awo ogona? Anachita manyazi pozindikira kuti yankho lomwe ankalifuna ankalidziwa kale, ndipo ankangofuna kuliika m'kamwa mwa munthu wakufa.

Msonkhano unachitika Loweruka masana mu holo ya timu. Munali fungo la soseji zowotcha ndi majekete onyowa. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, ena akupatsirana chikho chimodzi cha tiyi wowawa wa kumeneko, ena akukangana kale asanakhale n'komwe. Wapampando wa bungwe, mayi Azucena, omwe masana ankagulitsa mankhwala m'sitolo, anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Abale, mmodzimmodzi! Ino si sitandi ya masapota!"

Analongosola zonse modekha. Anati komiti yafufuza njira zina ndipo yalephera, chifukwa pansi pa bwalolo ndi dongo lokhalokha, madzi salowa. Anati naonso mlongo wawo ali pagolo lomwelo.

"Ndiye mukumugulitsa pa mtengo wanji?" wina anakuwa kumbuyo.

"Khala pansi, iwe, sunabwereko kudzapenta ngakhale benchi limodzi!" anamuyankha mayi wina.

A Evaristo anaimirira. Sanakuwe monga mwa masiku onse, ndipo n'zomwe zinachititsa anthu kuti akhale chete. Anati pamene munthu wamalonda uja ankawononga timu, iwo ndi mng'ono wawo ankagona pageti kuti bwalo lisagulitsidwe. Anati timu analanditsa kuti ikhale ya eni ake, ndipo eni ake si amoyo okha. Kenako anatambasulira dzanja komwe kunali Brisa.

"Ine ndatha. Mwana wa Rufino ali ndi mawu."

Mitu yonse inatembenuka. Brisa anaimirira, makutu akutentha. Anaona tiatsikana ta timu ya ana titatsamira pazenera panja, popeza tinalibe makadi olowera. Anatsegula pakamwa.

"Bambo anga ali pamenepo," anatero.

A Evaristo anagwedeza mutu, ena anawomba m'manja. Iye anali ndi mawu ena otsatira, anawakonza sabata yonse, koma anakanirira m'khosi. Anaima choncho mpaka mayi Azucena anamufunsa mwachifundo ngati watha. Anakhala pansi.

"Chabwino. Amene akuvomereza kuti bwalo lipalidwe, makadi m'mwamba," anatero mayi Azucena.

Kwa kanthawi sipanaoneke dzanja, koma a komiti okha. Anthu ankayang'ana pansi, ena ankayang'ana Brisa mwakabisira. Iye anamva khadi likumubaya m'chikhatho. Analikweza. Sanalikweze patali, linangofika pakhutu, koma aliyense analiona.

Mayi wamasiye wa wophika buledi uja anamuyang'ana nthawi yaitali, anapuma mozama, n'kukweza lake. Kenako manja anayamba kudzuka mbali zonse. Panalibenso chifukwa chowerengera bwinobwino, anali ambiri zedi. A Evaristo sanadikire kuti okana akweze awo. Ananyamula jekete n'kudutsa pakati pa mipando, anthu akuwapatsa njira. Podutsa pa Brisa sanamuyang'ane.

Lamlungu lotsatira sanabwere kudzawotcha nyama, ngakhalenso linzake. Kumsika ena ankamugwira Brisa paphewa n'kumuti walimba mtima, ena ankatembenukira kumbali. Pakhoma la holo wina analemba ndi makala kuti akufa savota. Amayi ake anangonena kamodzi, akusenda mbatata: "Ukanawauza bambo ako aakulu pano patebulo. Akanakuwa, inde, koma akanakuwira m'nyumba."

Bungwe linagamula kuti katapila asanabwere, mabanja apatsidwe tsiku lotapa dothi la pagolo. M'mawa wa tsikulo anthu anafika ndi ndowa, mapoto akale, zitini za penti. Panalibe nyimbo. Ankakumba mosinthana, osadziwa kuti akutapa wawo kapena wa mnzawo. Brisa anabwera ndi thumba la ufa lopanda kanthu, ndipo anawapeza a Evaristo ali kale pamenepo, akukumba pafupi ndi mtengo wakumanzere wa golo, malaya atanyowa ndi thukuta.

Brisa anaima kumbuyo kwawo.

"Bambo aakulu."

Fosholo inapitiriza kulowa m'dothi.

"Bambo aakulu, pepani."

"Pepani wa chiyani?" anafunsa osatembenuka. "Khadi ndi lako. Tinamenyera zimenezo, kuti aliyense azikweza lake."

"Za bambo."

Anaimika fosholo n'kuitsamira. "Ukuyesa ndine chitsiru? Tsiku lowaza phulusa lija kunali mphepo. Theka la Rufino linaulukira kunjanji, lina linandilowa m'maso ine ndemwe. Zaka zonsezi mvula yakhala ikukokolola pano. Ndikudziwa kuti ndikukumba matope." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Koma iwe unadya nyama yanga n'kundigwedezera mutu. Ndinazungulira msika wonse ndi dzina lako. Ndinakuimiritsa pamaso pa anthu ngati mwana wanga, ndipo iwe unkadziwa kale."

"Ndinkaopa."

"Umaopa ine? Amene ndinakunyamula paphewa pa sitandi iyo usanamere mano?"

Brisa anazyolika. Misozi inatsikira pa thumba lomwe anali atalikumbatira pachifuwa.

A Evaristo anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana mulu wa dothi womwe anaunjika. Iwo anali ataiwala kubweretsa potengera.

"Tsegula bwino pakamwa pake," anatero. "Usagwetse."

Brisa anagwada n'kulitambasula. Dothi linali lolemera ndi lozizira, ndipo fosholo iliyonse inkamukokera manja pansi. Litafika pakati, iwo analimanga okha ndi chingwe cha nsapato yawo, n'kuliponya paphewa.

"Ili ndikupita nalo kwathu. Amayi ako akafuna, abwere adzatapeko."

"Mudzabwera bwalo likadzatsegulidwa? Tidzayamba ndi ife atsikana."

"Ng'oma ndapereka kwa anyamata," anatero a Evaristo. "Adzakuimbirani."

Anayenda kulowera kugeti atawerama ndi katunduyo, nsapato imodzi ikuvuka chidendene. Brisa anatsala chogwada m'dzenje lomwe a Evaristo anakumba, mpaka mayi wina wa ndowa anamupempha kuti asunthe pang'ono.