Chithunzi cha Pakhoma

Kwawo ankangomutchula kuti Wamakompyuta, ndipo dzinalo ankalinyadira mpaka tsiku limene denga la mayi ake linadontha. Madzi analowa m'sutikesi, zithunzi zonse zinamatana n'kusanduka phala. Mayiwo anamuimbira foni ali ku ofesi.

"Cha malemu bambo ako chija chili kwa iwe, eti? Paja ndinachijambula ndi foni n'kuchiika pa webusaiti yako. Undisindikizire chachikulu, cha pakhoma."

"Chilipo, amayi," anayankha.

Webusaitiyo anaipanga yekha, yoti mabanja azisungapo zithunzi. Malo atayamba kuchepa mu seva, kompyuta yosungiramo zonse, mwana wanzeruyu anakonza zoti chithunzi chikangofika chizichepetsedwa, chachikulucho n'kufufutidwa. Pa foni zinkaoneka bwinobwino, anzake mpaka anamuombera m'manja. Tsoka silinunkha.

Anasakasaka paliponse. Anafunsa mnzake woyang'anira seva ngati zakale zinatsalako penapake.

"Ayi achemwali," mnzakeyo anapukusa mutu, "ine ndimasunga zimene makina anuwo andisiyira. Foni ya mayiwo bwanji?"

Foniyo inabedwa m'basi kalekale. Chomwe chinatsala chinali kachithunzi kongofanana ndi chikhadabo. Anathamanga nako kwa wosindikiza zithunzi wa kuseri kwa msika.

"Kakakula kawonongeka aka," anatero wosindikizayo.

"Tangoyesani, bambo."

Pa pepalapo jekete ya bambo ake inatuluka, mpando unatuluka. Nkhope inali timabokosi tofiirira tokhatokha. M'basi yonse popita kwa mayi ake ankayeseza mawu oti akanene. Ankaopa, ndipo manyazi anamugwira.

Mayi ake anapukuta manja pa chitenje, n'kulandira chithunzicho ndi manja awiri. Anapita nacho pa windo. Anachiyandikizitsa kumaso, anachitalikitsa, anavala magalasi, anawavula n'kuwapukuta.

"Amayi, pepani, ndi ine amene…"

"Iwe walakwa chiyani, mwanawe? Ndi maso angawa, atha basi." Anaseka pang'ono, kenako anam'patsira chithunzicho. "Masiku ano nkhope yawo imandithawa m'mutu. Tandionera iwe wa maso abwino. Pajatu ankamwetulira, eti?"

Wamakompyuta anayang'anitsitsa timabokosito. Bambo akewo anamwalira iye akukwawa.

"Sindikudziwa, amayi," anatero.