Phulusa la Vern pa Tsiku la Maluwa

Mwamuna wanga Vern anali wolongolola. Mtengo wa petulo, mpira, galu wa aneba, zonse ankazithirira ndemanga. Koma zaka zonse za ukwati wathu sanatsegulepo pakamwa kunena kuti akadzafa tidzamuike kuti. Sitiroko inamupeza m'galaja mu Julaye, lilime n'kuuma, ndipo sabata isanathe anatisiya. Thupi lake tinatentha, ine n'kulandira phulusa m'kabokosi kolemera ngati mapaketi awiri a shuga. Ndinakaika pamwamba pa filiji, popeza ali moyo Vern sankatalikira pamenepo.

Mkangano unabuka misozi isanaume. Mkulu wake, mlamu wanga Clarrie, ankati Vern ndi mwana wa ku Burra, akagone kumanda a kwawo pafupi ndi makolo awo. Ine ndinkakumbukira tsiku lina tili m'boti pa mtsinje ku Mannum, nsomba zikudya nyambo, Vern atanena kuti, "Pano ndiye nditha kukhalapo mpaka kalekale." Kaya ankanena za phulusa lake, kaya unkalankhula ndi mowa, ndani angadziwe. Mwana wathu Narelle, amene amakhala ku Perth ndipo amaweruza milandu yonse pa foni, anati tingogawana.

"Bambo ako si keke," ndinamuuza.

"Nanga mukufuna chiyani, amayi?"

"Ndikufuna ndiwafunse eni ake."

Anangondifunsa ngati ndikumwa mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi.

Mu Seputembala Clarrie anaimba foni. Anati wamaliza zonse ndi a kumanda, ndipo Lamulungu loyamba la Novembala abwera kudzatenga mng'ono wake, poti ankadziwa kuti ndekha sindingapite naye. Ndinavomera. Kutsutsana ndi Clarrie n'kukankha khoma.

Za Wika ndinazitola kulaibulale, ndikubweza mabuku a Vern a za nsomba. Linali buku la ongoyamba kumene, lofotokoza chipembedzo cha anthu olemekeza mwezi, nthaka ndi nyengo, ochita timatsenga tawo ndi makandulo ndi zitsamba. Ine ndinakulira m'tchalitchi cha Methodist, za mwezi ndinalibe nazo ntchito. Unandikola ndi mutu umodzi wokha. Ati kumapeto kwa Okutobala kuli tsiku lotchedwa Samuheni, limene chinsalu cholekanitsa amoyo ndi akufa chimapyapyala, umamuikira wakufa wako mbale ya chakudya patebulo, iye n'kubwera. Kumapeto kwa Okutobala, Clarrie asanafike. Ndinaona ngati Vern yemweyo ndiye wandikankhira bukulo m'manja.

Koma abale, kuyamba chinthu utakula n'chilango. Bukulo linati usanaitane aliyense, yamba waphunzira kujambula bwalo lopatulika, kulizungulira, kupereka moni kumbali zinayi za dziko, kenako kukhala phee mpaka maganizo athe m'mutu. Linafuna mpeni wa chigwiriro chakuda. M'nyumba monse unalipo umodzi, wa Vern wotumbulira nsomba, ndipo ngakhale ndinautsuka chotani fungo silinachoke. Linafuna nthambi za mitengo imene sindinaimvepo chibadwire. Nditapita kogulitsa mbande n'kuwerenga mainawo, mtsikana wa pamenepo anandiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kundigulitsa mbande ya mandimu.

Bwalolo ndinalijambula ndi mchere pa kapeti ya pabalaza. Nditayatsa lubani, kachipangizo ka utsi ka kudenga kanakuwa mpaka aneba anabwera ndi paipi ya madzi, n'kundipeza ndili chilili pakati pa mchere, mpeni wa nsomba uli m'manja. Ndinawauza kuti ndikupha nyerere. Za kukhala phee ndiye musanene. Bukulo linati udzamva mphamvu ikukwera kuchokera kumapazi. Ine chimene chinkakwera ndi dzanzi. Maganizo oti athe ndiye ankachita kuitanana: ngalande ya padenga yatsekeka, mphaka sanadye, Vern anasiya tayala lophwa m'galimoto. Masana aliwonse ndinkadzuka pansipo mawondo akulira, mtima utapsa, n'kuyang'ana pamwamba pa filiji.

"Ukuseka, eti?" ndinkamufunsa. "Seka. Tionana pa tsikulo."

Chinthu chimodzi chinkandidabwitsa, koma ndinkachikankhira kumbali. Bukulo linkanena za masamba oyoyoka, mdima wofulumira ndi chisanu chimene chayandikira. Kwathu ku Murray Bridge kunja kunali maluwa okhaokha, mphuno zanga zikuchucha ndi mungu, mbalame zoteteza zisa zikujompha wa positi pamutu. Ndinkati ndi mmene amalembera anthu a mabuku, amakonda kukometsera. Komanso m'masitolo monse munali mutadzaza maungu a pulasitiki ndi zigoba za anthu zoopsezera ana, zokonzekera tsiku la mizimu lomwelo. Ndikanakayikira chiyani?

Bukulo linachenjezanso kuti wongoyamba asaitane akufa ali yekha, afune odziwa. M'kasitolo ka makandulo ku Hahndorf ndinaona chikalata pakhoma: gulu la Wika likumana Loweruka lomaliza la Okutobala masana, pa famu ina kufupi ndi Mylor, atsopano ndi olandiridwa, aliyense abwere ndi mbale ya chakudya. Ndinatumiza uthenga pa nambala imene inali pamenepo kuti ndine watsopano ndipo ndibwera ndi mwamuna wanga. Yankho linabwera msanga. "Bwerani nawo ndithu. Tsiku limeneli amuna amatichepera."

Loweruka ndinalawirira kuphika pasiti, chitumbuwa chija cha nyama ndi mbatata chimene Vern ankati palibe amachitha kupatula amayi ake ndi ine. Ndinachiika pa mbale yake ya m'mphepete mobiriwira. Ndinavala diresi yakuda ya pamaliro, kabokosi n'kukalowetsa m'chikwama chansalu chogulira zinthu. Dzuwa linali litakwiya, ndipo pofika ku Mylor msana wonse unali chonyowa.

Nditatsika galimoto ndinangoti kakasi. Pabwalo la famuyo anthu anali mbuu, atavala zoyera, zofiira ndi zobiriwira, nkhata za maluwa kumutu. Pakati anazika mtengo wautali wolendewera nsalu zamitundumitundu. Ng'oma inkalira, ana akuthamangitsana, ndipo pafupi ndi thanki ya madzi mnyamata ndi mtsikana ankapsompsonana ngati mawa kulibe. Wovala zakuda ndinali ndekha, khwangwala pakati pa nkhunda.

Mayi wina wojintcha, wa imvi, maluwa achikasu ali kumutu, anabwera atatambasula manja. Anati ndi Merrilyn, mtsogoleri wa gululo, ndipo mkati mwa sabata amayendetsa basi ya ana a sukulu. Anandilanda mbale ija n'kupatsira mtsikana wina kuti akaike patebulo.

"Ndinu Glenys, si choncho? Nanga amuna anu mwawasiya m'galimoto?"

"Ali m'chikwamamu."

Anasuzumira. Kumwetulira kunazima pang'onopang'ono. Anandigwira pamkono n'kupita nane kuseri kwa shedi, pamthunzi wa bulugamu, n'kundikhazika pa belo la udzu.

"Mwabwerera Sawini," anatero.

"Buku lati Samuheni."

"Amalemba choncho, koma timati Sawini. Glenys, lero ndi Beliteni, phwando la maluwa. La chikondi, la kubereka, la ana a nkhosa. Buku lanulo analilembera kuti?"

Ndinalitulutsa m'chikwama, pambali pa Vern. Anatsegula tsamba loyamba n'kuloza ndi chala. Ku Mangalande.

"Kumeneko ndiye masamba akuyoyoka panopa. Ife kuno kummwera kwa dziko lapansi zathu n'zotembenuza. Akufa timawalandira kumapeto kwa Epulo, kukayamba kuzizira."

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya la bokosi lathunthu la makandulo. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira. Ndinabadwira m'dziko lino, Khirisimasi ndadyera pa dzuwa moyo wanga wonse, koma buku limodzi linandiiwalitsa kumene ndaima.

"Nanga bwalo mumazungulira cha kuti?" anafunsa.

"Monga uyendera muvi wa wotchi. Kutsatira dzuwa."

"Dzuwa lawo. Lathu limadzera kumpoto, ndiye ife timazungulira kwinaku."

Ndiye kuti masabata onsewo ndinkayenda chobwerera pa kapeti yanga, mawondo n'kuwaphera chabe. Ndinamuuza zonse: za Burra, za Mannum, za Clarrie amene akubwera m'mawa mwake. Ndinamupempha, ine amene sindipempha munthu. Ndinati tingochita pompano kuseri kuno, awiriwiri, mwachidule, funso ndi limodzi lokha.

"Epulo sindingamukoke ndi chingwe," anatero Merrilyn. "Komanso ndisakunamizeni. Ngakhale mu Epulo momwemo, sayankha ngati pa foni. Timaika mbale, timatchula maina, timalira, kenako timadya. Ena amalota. Ine amayi anga ndawaikira mbale chaka ndi chaka, mpaka lero sanandiuze kumene anabisa mphete yawo."

"Ndiye matsenga anuwo ntchito yake n'chiyani?"

"Funso limenelo ndimadzifunsa ndikamatsuka basi." Kenako anandifunsa, "Tinene kuti ayankha, n'kuti Burra. Muwapereka?"

Ndinafuna kumuwaza mbama. Munthu wondidziwa kwa mphindi zochepa, nkhata ya maluwa ili pendekete kumutu, n'kumandifunsa zimenezo. Ndinanyamula chikwama changa n'kupita kukatenga mbale. Patebulo ndinapeza bambo wina wa ndevu zolukamo maluwa akunyambita zala, pa mbale ya Vern patatsala nyenyeswa zokha.

"Mwaphika ndinu? Mayi, mwamuna amene amadya zimenezi ndi wodala."

"Anali," ndinatero, n'kumulanda mbaleyo.

Merrilyn ananditsatira mpaka pagalimoto. Anati mu Epulo ndibwere, malo patebulo adzakhalapo, ndipo ngati ndikufunadi kuphunzira ndiyambe ndaponya bukulo kumbali n'kumayang'ana kunja kwa windo langa. Ndinangoliza galimoto. Ndinatuluka pachipata ng'oma ikulira, iwo atayamba kuvina mozungulira mtengo uja, kulowera mbali imene ine sindinkalowera.

Ndili pa msewu waukulu, mtima unayamba kutsika, kenako ndinapezeka ndikumwetulira. Epulo. Ngati tsiku lofunsa lili mu Epulo, ndiye Vern sangachoke Epulo asanafike. Cholakwa si changa, n'cha dziko limene linakhala chadodolido. Ndinene zoona, ndinasangalala kuposa mmene ndikanasangalalira akanayankha. Chilimwe chonse adzakhala pa filiji, ine ndikumukalipira.

Clarrie anafika m'mawa, tiyi wanga woyamba asanazizire. Ndi wamkulu kwa Vern ndi zaka zingapo, mlimi wa nkhosa wosadziwa kucheza. Anakhala patebulo la kukhitchini, chipewa pabondo, bisiketi imene ndinamupatsa osaikhudza. Maso ake anapita pa filiji n'kubwerera.

"Mlamu, zasintha," ndinayamba. "Pali mwambo umene ndikufuna kumuchitira Vern, koma nyengo yake ndi kumapeto kwa Epulo. Mubwere mu Meyi."

Ndinali nditakonzeka kuti aseke kapena akalipe, mayankho ndinali nawo okwana. Iye anangotembenuza chipewa chija.

"Meyi ndi kutali, mlamu."

"Kutali chiyani? Makolo anuwo athawa? Miyezi yochepayi ipha ndani?"

"Ine."

Anatero ngati akunena za mtengo wa ubweya. Anati ndi khansa ya kapamba, anaipeza mu Ogasiti. Dokotala akuti Khirisimasi aiona, koma za Isitala sakulonjeza. Malo kumanda anagula awiri ogundizana.

"Ndimafuna ndimuike ndekha ndidakali chiimire. Kusukulu ndinkapita naye ndine, nditamugwira dzanja. Sindikufuna adzandipeze nditagona kale, obwera naye ali anthu ena."

Apo m'pamene ndinamuyang'ana bwino. Kolala ya shati inali lendelende m'khosi, m'maso muli chikasu. Ndinakwiya kwambiri. Ndinakwiyira Clarrie, khansa, Merrilyn, Mangalande ndi masamba ake oyoyoka. Ndikanakhala ndi wina woti ndimuponyere kapu ndikanaponya, koma m'khitchinimo munali nkhalamba yodwala ndi kabokosi basi.

Ndinakwera pa kampando n'kutsitsa Vern. Pamene anakhala panatsala malo oyera pakati pa fumbi. Clarrie anatambasula manja kuti alandire, ine ndinamudutsa n'kutuluka naye ndekha mpaka pagalimoto lake lonunkha nkhosa. Ndinamukhazika pampando wa kutsogolo, n'kukoka lamba, n'kumumanga bwinobwino. Clarrie anali akadali pakhonde, akutsika masitepe mmodzimmodzi atagwira chitsulo.

Ndinawerama, pakamwa pafupi ndi kabokosiko.

"Ukanati Mannum, ndikudziwa," ndinanong'ona. "Upirire. Mkulu wako akuopa kugona yekha."

Ndinatseka chitseko, n'kupita kukamuthandiza Clarrie sitepe yomaliza.