Nkhanga ya pa Khoma la Tamara

Nkhani iyi anandiuza ndi Sabina, mkazi wa a Yesaya okonza njinga pa Namitete. Linali Lachinayi, sabata yomwe tinayamba kukumba mtedza, tili pamzere kuchigayo magetsi atazima. Ndailemba momwe anaifotokozera mwini wake. Anati:

Amuna anga, bambo a Takondwa, anagula foni atagulitsa fodya chaka chatha. Poyamba ankangomvera nyimbo ndi kuonera mpira, ndipo ankaisiya pamphasa ana n'kumaiseweretsa. Zinasintha mvula itatha. Akaweruka ku njinga masana sankakhalanso pakhonde. Ankapita kuseri kwa chigafa, pachulu pamene netiweki imagwira, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndikawayandikira ankaivundikira foni pantchafu. Ngakhale kubafa ankapita nayo. Chinanso chinali chala. Tikakhala chete ndinkaona chala chawo chikuyenda pabondo ngati akulemba kalata. Ndikawafunsa ankati akukanda.

Tsiku lina ng'ombe za eni zinalowa m'dimba mwathu, iwo n'kuthamangirako, foni ataiiwala ikutchaja pasola, yosakiya. Ndinaitenga. Munali mkazi. Sichinali chithunzi cha kamera ayi, chinali ngati chojambula, koma maso ankaphethira. Wamtali, duku lofiira, chitenje chomanga bwino, ataima pafupi ndi khoma. Pamwamba pa mutu wake panalembedwa dzina, Tamara. Pansi panali mauthenga a Chingerezi ambirimbiri ndi timitima tofiira. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mtima wofiira sufuna sukulu.

Ndinkadziwa kuti masiku ano mafoni amakonza nkhope, kuchotsa ziphuphu, munthu n'kuoneka ngati chidole. Ndiye ndinati uyu ndi mkazi weniweni wangodzibisa. Ndipo pa Namitete, tsidya la msewu moyang'anizana ndi pokonzera njinga pawo, pali Tamara wogulitsa mandasi. Duku lofiira ali nalo.

Ndinayamba kupita kumsika popanda chokagula. Ndinkaima kuseri kwa maminibasi n'kumayang'ana ngati akukodolana. Sindinaone kanthu, koma ndinati anthu ochenjera ndi momwe amachitira. Tsiku lachitatu ndinakagula mandasi awiri kuti ndimuone pafupi. Anandilonjera mwansangala, n'kuonjezera limodzi la basela, akuti la abambo, poti tsiku limenelo anali asanagule. Ndinati ehe, ukuwerenga ndi masiku omwe. Foni yake inali kakang'ono ka mabatani komangidwa ndi mphira. Ndinati yaikuluyo waisiya kunyumba.

Chimene chinandipha ndi ulendo wachiwiri womwe ndinaigwira foniyo. Nthawi iyi sindinayang'ane mkaziyo, ndinayang'ana khoma. Linali lozira ngati la kumudzi: lakuda m'munsi, katondo pakati, mzere wa timano toyera pamwamba. Pafupi ndi khomo dzino limodzi linali losadzaza, ndipo pambali pake panali nkhanga yoyang'ana m'mbuyo.

Khoma limenelo ndinkalidziwa. Linali la apongozi anga ku Nambuma. Tsiku loyamba lomwe ndinakawaona ndinawafunsa chifukwa chake dzino limodzi amalisiya, iwo anaseka n'kunena kuti nyumba nayonso imafuna popumira. Ndinawapempha kuti adzandiphunzitse, koma anamwalira tisanakhale pansi, nyumbayo n'kugwa ndi mvula yachiwiri. Nditawapempha bambo a Takondwa kuti andikumbutseko momwe mizere ija inkayendera, anandiyankha kuti za akazi izo, iwo angazidziwe bwanji. Lero ndi izi, khoma la amayi awo analipereka kwa mkazi wina. Akanamugulira chitenje ndikanapirira.

Ndinapita kwa amalume a Mathias, amene ndi nkhoswe yanga. Iwo bambo a Takondwa sanawakondepo chikwatirire. Amati mkamwini wanji wosalankhula, wosamwa, wosadziwika chimene akuganiza. Anawaitanitsa tsiku lomwelo, Lachitatu, kuwalanda foni, kuwauza kuti achotse loko, n'kuipereka kwa ine kuti ndiisunge ngati umboni. Anatumiza uthenga ku Nambuma kwa a Andrew, mkulu wawo wa bambo a Takondwa, kuti afike Loweruka. Ananena poyera kuti nkhaniyi ikapezeka yoona, mkamwini atenge njinga yake ndi bulangete azipita kwawo, ana ndi a pamudzi pano.

Masiku atatu amenewo bambo a Takondwa sanakane, sanavomere. Ankangoti si momwe ndikuganizira. Ndikati nanga zili bwanji, ankatuluka panja.

Loweruka m'mawa, anthu asanasonkhane, ndinatenga foni ija n'kupita nayo pachulu. Ndinkafuna ndimulembere mkaziyo mawu awiri okha, adziwe kuti pakhomo pano pali munthu. Nditatsegula ndinamupeza ataima pomwe ndinamusiya Lachitatu, dzanja lili m'mwamba, pakhoma latsopano pali nkhanga yopanda miyendo. Ndinati mkazi wanji amaima malo amodzi masiku atatu, saphika, sagona? Ndinamukanda pankhope ndi chala chifukwa cha mkwiyo. Anatembenuka. Ndinakoka chala chakumanja, iye n'kuyenda chakumanja. Ndinachotsa chala, n'kuima.

Pansi panali timiphika ta mitundu. Ndinakhudza kakuda n'kukoka chala pakhoma. Tamara anakweza dzanja lamanzere n'kulemba mzere wokhota, wonyansa, womwe ndinakoka ine. Bambo a Takondwa ndi amanzere.

Ndinakhala pansi pachulupo. Ndinamuyendetsa mkaziyo mumsewu wa m'fonimo kuti ndione. Kuli ngati mudzi, koma aliyense amavala thupi lomwe wadzipangira. Ndinakumana ndi wina wa mapiko, wina wa mutu wa mphaka, onse akuyenda okha, akubayibitsa, akulemba dzina la Tamara. Nyumba zawo zinali zachilendo, zina zagalasi, koma ndinawerenga makoma khumi ndi anayi ozira mwa kwathu, lililonse lili ndi dzino losadzaza pakhomo. Timitima tija tinali ta makomawo. Panalinso bambo wina wa chipewa chabuluu amene ankangonditsatira paliponse.

Ndipamene ndinakumbukira mawu ena a apongozi a tsiku lija, omwe ndinali nditawataya. Anati Mulungu sanawapatse mwana wamkazi, ndiye akamazira, amene ankawagwirira nkhulungo ndi kuwasakanizira dothi anali Yesaya, mpaka akulu ake anamukwapula n'kumamutcha mtsikana wa amayi.

Ndinalibe nthawi yolankhula ndi bambo a Takondwa. Pobwerera ndinapeza a Andrew afika kale, njinga yawo itatsamira mtengo wa mango wa kwa amalume, ndipo bambo a Takondwa atakhala pakampando kakafupi pakati pa anthu. A Andrew ankaseka ndi amalume, akuti mng'ono wawo ankamuyesa nkhosa, osadziwa kuti ndi tonde.

Amalume anafotokoza mlandu wonse, n'kuloza foni yomwe inali m'manja mwanga.

"Akamwini, mkazi ali m'menemoyu mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Ndi chibwenzi chanu, kapena si chibwenzi chanu?"

Bambo a Takondwa anayang'ana mkulu wawo, kenako pansi.

"Ndi chibwenzi. Ndalakwa."

Munthu uja ankanama ndikumuona. Anali atamva ndi makutu ake za njinga ndi bulangete, koma anasankha zimenezo.

A Andrew anayamba kupepesa, akuti mwamuna ndi mwamuna, apereke mbuzi zithe. Amalume anati mbuzi sakuifuna, pamudzi pano adya mbuzi zokwanira. Anati choyamba aitanitse wa mandasi uja pamodzi ndi mwamuna wake, amve onse, ndipo dzuwa likamalowa mkamwini akhale atamanga katundu. Bambo a Takondwa anadzutsa mutu.

Ndinagwada n'kuomba m'manja.

"Amalume, akunama awa. Mulibe mkazi m'menemu."

"Iwe Sabina, wabwera wekha kwa ine ukulira, eti? Lero wadya chiyani?"

Ndinawauza kuti ndinalakwitsa ndine. Ndinati ndaiona bwino foniyo m'mawa uno, chili m'menemo ndi chidole, ndipo ndinachiyendetsa ndi chala pamaso pawo, uku ndi uku. Ndinati wa mandasi asamutchule n'komwe, sakudziwa kanthu. Ndinati abambowa amalowa m'menemo kukaona khoma la malemu amayi awo, poti lenilenilo linagwa. Kenako ndinapereka foni kwa a Andrew.

"Alamu, taonani nkhanga iyi."

A Andrew anailandira akumwetulirabe. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, kenako anavula chipewa.

"Iyi ndi nkhanga ya amayi. Ndi dzino lawo lomwe. Wajambula ndani?"

"Za m'mafoni izi, alamu, ndani angazidziwe."

Anayang'ana dzanja lamanzere la mng'ono wawo nthawi yaitali, n'kundibwezera foni ndi manja awiri. Kuchokera pamenepo sanasekenso mpaka kunyamuka.

Amalume okha ndi amene sanakhutire. Anati chibadwire sanaonepo mwamuna wovomera chigololo chomwe sanachite, ndiye pali chomwe tikubisa, kaya ndi zamatsenga kaya n'chiyani. Ndinati munthu mwamuopseza masiku atatu, angavomere ngakhale kuba ng'ombe. Anandiyang'ana, anawayang'ana iwo, n'kunena kuti banja ndi langa, mkamwini akhale, koma diso lawo lili pa iye. Ine anandilipitsa tambala chifukwa choyendetsa anthu kuchokera ku Nambuma pachabe. Ndinapereka wofiira uja.

Pobwerera kunyumba bambo a Takondwa anali patsogolo, ine m'mbuyo. Titafika pachigafa ndinawaimitsa.

"Bambo a Takondwa, mukanachokadi? Kusiya ana chifukwa cha dothi?"

"Wachigololo amamuseka sabata imodzi, mayi a Takondwa. Mwamuna wozira amamuseka mpaka pamaliro pake."

Ndinawafunsa chifukwa chake anadzipanga mkazi, poti kumeneko kulibe wowadziwa. Anati anayesa ndi thupi la mwamuna koma dzanja linkakana. Dzina lija akuti ndi lomwe amayi awo ankasungira mwana wamkazi, za wa mandasi sanaziganize n'komwe. Ndinafunsa za wa chipewa chabuluu. Anati ndi munthu wa dziko lina lozizira amene anamuzirira nyumba, amangokonda kuonerera. Ine ameneyo sindinamukhulupirire mpaka lero. Mwamuna wotsatira mkazi paliponse, kaya kuno kaya m'foni, ndimamudziwa. Ndinawauza kuti ameneyo akadzalembanso timitima andionetse.

Amalume nawonso sanasiye. Masana amadutsa pachulu paja ngati akufuna mbuzi zawo, pomwe mbuzi zawo zimadya kutsidya.

Ndiye Lolemba ndinatenga khasu ndi ndowa n'kupita kudambo. Ndinakumba dothi lakuda, pobwerera ndinapala katondo pamsewu wa ku Mpingu, loyera ndinapempha kwa mnzanga ndikuti ndikufuna kuzira ndekha. Ndinaziika zonse kuchipinda kwathu pamodzi ndi nkhulungo yanga ndi madzi, ndinasuntha bedi kulichotsa kukhoma, ndinalowetsa bambo a Takondwa n'kutseka chitseko. Ine ndinayala mphasa pakhonde n'kuyamba kusenda mtedza, ndipo aliyense wofunsa za njinga ndinkamuuza kuti abambo apita ku Njewa.