Mutu Womaliza wa Buku la Abambo

Mipando yobwereka pa maliro inali isanabwezedwe n'komwe pamene Injiniya anayala mapepala a malemu patebulo n'kulengeza kuti mutu womaliza susindikizidwa. Abambo awo, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, anamwalira atangomaliza kulemba buku la ophunzira, ndipo wosindikiza ankadikira mawu a banja.

Chitsirizira anangoyang'ana mchimwene wakeyo. Iyenso ankagwira ntchito ya manambala, m'labu ya fakitale ya feteleza, koma pakhomo pano ankamukumbukira akafuna tiyi. Injiniya ndiye anali ndi dzina la ntchito, ndipo ngakhale pamanda analivala ngati jekete.

Anafotokoza mwachifundo chachikulu kuti matenda anawadya mutu abambo. Pa tsamba 64, m'mutu womalizawo, analemba kuti kutenthetsa mpweya wa nayitrojeni ndi digiri imodzi kumafuna mphamvu yokwana majulo 29, pamene iye, munthu wa zaka makumi awiri pantchito, ankadziwa ngati dzina lake kuti ndi 1,040. Anati akuteteza ulemu wa malemu. Amayi anali pakhomo la kuchipinda, manja ali kumbuyo.

Chitsirizira anakoka pepalalo.

"Achimwene, 1,040 yanuyo ndi pa chiyani?"

"Pa kilogalamu. Iwe wayamba kundiyesa mayeso?"

"Ndiye werengani pamwamba pa mzerepo. Abambo alemba pa molo imodzi."

Anawakumbutsa pang'onopang'ono, ngati womwetsa mwana mankhwala, kuti molo ya nayitrojeni ndi magalamu 28 okha. Anatembenuza envulopu ya khadi lachipepeso, nasandutsa magalamuwo kukhala 0.028 ya kilogalamu, nachulukitsa ndi 1,040. Panatuluka 29 ndi kachidutswa.

Injiniya anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, koma nambala sinasinthe. Anati tsamba limodzi si umboni, pakuti iye anawaona yekha kuchipatala masiku omaliza, sankadziwa ngakhale kuti kwacha. Chitsirizira anadziwa kuti mkulu wakeyo anapitako kawiri kokha. Mutu wa abambo unali utapulumuka, zinazo zinali za tsiku lina.

Amayi analowa kuchipinda. Anabwera ndi pepala lopindapinda limene anamwino ankalembapo kutentha kwa thupi la wodwala, naliyala pamwamba pa bukulo, nalisalaza ndi chikhatho.

"Namwino ankachita kuwabisira cholembera," anatero.

Manambala anatsika mumzere, m'mawa ndi madzulo, 38, 39, 38.5. Pambali pa iliyonse panali kabwalo kakang'ono ndi chilembo C, chizindikiro cha madigiri chimene anamwino ankasiya, cholembedwa ndi dzanja la abambo. Pa nambala yomaliza panali kabwalo kokha.

Injiniya anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anasolola cholembera m'thumba la malaya, nawerama, namalizitsa C uja.