Sipanala ya a Khutu

Amene anawalakwira a Khutu ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo bere limodzi, ndipo anawalakwira chaka chomwe ankamaliza ku koleji.

A Khutu anagwira ntchito zaka makumi atatu m'fakitale ya misomali. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo, chifukwa m'mawa uliwonse ankagunditsa sipanala pa makina, mbali inayo n'kuika kukhutu, n'kumvetsera. Akati, "Zimitsani, uyu wadwala," amakaniko ankapezadi chitsulo chitadyeka mkati. Mabwana ankachotsa anthu chaka ndi chaka, koma a Khutu sankawakhudza. Iwonso luso lawolo sanaphunzitsepo munthu, ngakhale kapitawo. Ankati wokufunsa njira mawa akupitirira.

Mphwawoyo anakulira pakhomo pawo. Tsiku lina anawauza kuti akuphunzira uinjiniya wa m'mafakitale.

"Ndiye uzidzakonza makina?"

"Ayi amalume, ife timakonza kagwiridwe ka ntchito."

"Ntchito imathyoka? Sukulu zinazi, mphwanga!"

Chaka chomaliza, koleji inamutumiza kudzaphunzira ntchito ku fakitale komweko. Anabwera ndi wotchi ndi kabuku, chipewa cholimba chikadali ndi fungo la m'sitolo. Ankayima kumbuyo kwa anthu n'kumalemba, ngakhale munthu akamadzikanda.

"Amalume, mumamva chiyani m'sipanalamo?"

A Khutu anayang'ana uku ndi uku. Kenako anati magazi ndi magazi, n'kumuyika sipanala kukhutu.

"Zikamalira ngati mchenga m'chitini, zikufuna mafuta. Zikamagogoda ngati mlendo wamanyazi pachitseko, zimitsa, usadikire bwana."

"Pang'onopang'ono amalume, ndilembe."

Analemba sabata zitatu. A Khutu ankayenda monyada, n'kumauza anzawo kuti injiniya akuphunzira kwa munthu wa sitandade faifi.

Mwezi usanathe, pa makina aliwonse panapachikidwa chipepala chokutidwa ndi pulasitiki, cha mizere isanu ndi umodzi, pambali pake sipanala yomangidwa ndi tcheni. Tsopano aliyense anali Khutu. Bwana anawayitana a Khutu eni ake mu ofesi, anawapatsa mpando kwa nthawi yoyamba, anawathokoza kwambiri, n'kuwauza kuti akapume. Mphwawo anamulemba ntchito sabata yomweyo.

Mlongo wawo anabwera akululutira.

"Achimwene, mwana wanu wapeza ntchito!"

"Ndamva. Ndikudziwanso pamene wayitola."

"Inu nsanje mpaka mwana? Mesa munkati aphunzire?"

Mphwawo anadzawaona Lamlungu, atanyamula malaya atsopano a mikono yayitali.

"Amalume, musanditengere kumtima. Ndi mmene amatiphunzitsira: luso lisamakhale m'mutu mwa munthu mmodzi."

"Nanga lako likukhala kuti?"

Mphwawoyo anangoyang'ana wotchi yake.

Chipepala chija chikadali pa makina mpaka lero. Mzere wachinayi umanena za mlendo wamanyazi pachitseko, ndipo pansi pake pali dzina la mphwawo.